Anayi a kutsogolo ndi chikho cha NFL: mkangano wochokera m'ma 1960

Ochemerera mpira wa ku America, womwe ligi yake yaikulu ndi NFL, akhala akukangana kwa zaka zambiri ngati timu imafika patali mu ndime ya chipulula chifukwa cha quarterback wake, yemwe ndi wosewera woponya mpira, kapena chifukwa cha zimphona zimene zimaima kutsogolo kwa otchinga. Gwero la mkanganowu ndi masamu osavuta. Mbali iliyonse ili ndi osewera 11, ndipo timu yomwe ili ndi mpira ili ndi anthu asanu okha oti angalandire mpira woponyedwa. Otchinga akatumiza anayi kukagwira quarterback, asanu ndi awiri amatsala m'mbuyo kulonda asanu aja. Anayiwo akalephera, mphunzitsi amawonjezera wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, zomwe amati blitz, ndipo m'mbuyo mumatsala munthu mmodzi pa mdani mmodzi. Quarterback wochenjera amangodikira zimenezo. Zonsezi zimachitika m'masekondi awiri ndi theka kapena atatu.

Amene anatchukitsa mzere wa anayiwu ndi Los Angeles Rams ya m'ma 1960: Deacon Jones, Merlin Olsen, Rosey Grier ndi Lamar Lundy. Jones ankamenya mdani khofi pa chipewa kuti aphethire, iye n'kudutsa, ndipo ligi inadzaletsa zimenezi mu 1977. Pa nthawiyo kugwetsa quarterback asanaponye mpira, komwe ndi sack, sikunkawerengedwa n'komwe m'mabuku a ligi. Kuwerenga kunayamba mu 1982. Koma Rams ya Jones ndi Olsen sinatenge chikho.

Minnesota Vikings ndiyo imapweteka kwambiri amene amakhulupirira mzere wakutsogolo. Inali ndi Alan Page, Carl Eller, Jim Marshall ndi Gary Larsen, ndipo Page anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 1971, wotchinga woyamba kulandira ulemuwo. Timuyi inafika mu Super Bowl, masewera omaliza olimbirana chikho, kanayi, n'kugonja kanayi konse. Mzere wake unali waliwiro koma wopepukirapo, choncho adani anasiya kuponya mpira n'kumangouthamangitsa pansi, molunjika pa iwo. Mu January 1974 Miami Dolphins inaponya mpira kasanu ndi kawiri kokha, Larry Csonka yekha n'kuthamanga mayadi 145. Katswiri wogwetsa quarterback alibe ntchito ngati quarterback sakubwerera m'mbuyo kuti aponye.

Chaka chotsatira Vikings inakumana ndi mzere umene unkatha ntchito zonse ziwiri. Mphunzitsi Chuck Noll wa Pittsburgh Steelers anayamba kumanga timu yake mu 1969 posankha Joe Greene, ndipo pambali pake panabwera L.C. Greenwood, Ernie Holmes ndi Dwight White. Greene ankaima chopendekera pakati pa center ndi guard, osewera apakati pa mzere woteteza quarterback, kuti adani awiri atanganidwe naye, otchinga a kumbuyo kwake, ma linebacker, n'kukhala omasuka. Mu Super Bowl ya mu January 1975, Vikings inathamanga mayadi 17 okha masewera onse, n'kugonja 16-6. Steelers inatenga zikho zinayi m'zaka zisanu ndi chimodzi.

Eni ligi ataona kuti mapointi akuchepa anasintha malamulo mu 1978. Wotchinga analetsedwa kukankha wolandira mpira akadutsa mayadi asanu, ndipo oteteza quarterback analoledwa kutambasula mikono ndi kufunyulula manja. Kuyambira pamenepo kuponya mpira kunaphweka, ndipo mtengo wa munthu wotha kufika kwa quarterback msanga unakwera.

Buddy Ryan, wokonza otchinga wa Chicago Bears, anayankha mwaukali. Njira yake ya 46, yomwe inatenga dzina ku nambala ya jezi ya Doug Plank, inkaunjika anthu asanu ndi atatu pafupi ndi mzere, atatu mwa iwo ataima maso ndi maso ndi center ndi ma guard awiri. Mu 1985 Bears inapambana masewera 15 mwa 16, inakhoma New York Giants 21-0 ndi Rams 24-0 mu chipulula, kenako New England Patriots 46-10 mu Super Bowl. Kugonja kumodzi kuja n'kumene kunaulula chofooka: Dan Marino, quarterback wa Miami, ankamwaza olandira mpira m'bwalo lonse n'kuponya blitz isanafike. Matimu ena anaphunzirapo, ndipo lero 46 imangogwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo.

Umboni umene ochemerera mzere wakutsogolo amaukonda koposa ndi wa mu Super Bowl ya pa 3 February 2008 ku Glendale, Arizona. Patriots inali isanagonjeko sizoni yonse, itagoletsa mapointi 589 m'masewera 16. Giants inali itapambana 10 okha, koma inatsogola ligi ndi ma sack 53. Steve Spagnuolo, wokonza otchinga wa Giants, ankati ikafika nthawi yoti mdani aponya basi, amachotsa zimphona zolemera zapakati n'kuikamo Justin Tuck, yemwe malo ake enieni ndi kumapeto kwa mzere, pamene Michael Strahan ndi Osi Umenyiora akubwera m'mbali. Chifukwa chake n'chomveka. Tom Brady, quarterback wa Patriots, sankathawa; ankapewa obwera m'mbali posuntha phazi limodzi kapena awiri kutsogolo. Tuck akatulukira pakati, malo osunthirawo panalibe. Brady anagwetsedwa kasanu, Patriots inagoletsa 14 okha, Giants 17.

Koma kuwerenga ma sack kumanamiza, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Steelers inatsogola kapena kufanana ndi otsogola pa ma sack sizoni iliyonse kuyambira 2017 mpaka 2021, osapambana masewera a chipulula ngakhale amodzi. Mu 2021 T.J. Watt anali ndi 22.5 yekha, pamene timu yake inali yomaliza mu ligi pa kuletsa mpira wothamangitsa. Philadelphia Eagles ya 2022 inasonkhanitsa ma sack 70, koma mu Super Bowl sinamugwetse Patrick Mahomes, quarterback wa Kansas City Chiefs, ngakhale kamodzi, n'kugonja 38-35. Bwalo linali loterera tsikulo, osewera a mbali zonse anadandaula, ndipo wothamanga mopendekera kuzungulira tackle, woteteza quarterback wa kumapeto kwa mzere, ndi amene amavutika kwambiri pa udzu wotero. Kansas City Chiefs nayonso inathamangitsa mpira bwino ndi kuponya msanga, monga anachitira Miami kwa Vikings ndi kwa Bears.

Ma sack ambiri a mu sizoni amapezeka pa matimu ofooka, kapena timu ikatsogola kale ndipo mdani akukakamizika kuponya. Mu chipulula, momwe kuyambira 2020 mumalowa matimu 14 ndipo wogonja kamodzi amalongedza, ma quarterback ofooka amakhala ochepa. Chimene chimawerengedwa kumeneko n'chakuti anayi okha athe kufinya popanda thandizo, pakati palimbe pa mpira wothamangitsa, ndiponso pakhale anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu osinthana, chifukwa munthu wolemera makilogalamu 140 amene walimbana kuyambira pachiyambi amafika mu kota yachinayi miyendo itatha. Ngakhale zonsezi zilipo, mzerewu sugoletsa mapointi okwanira kulowetsa timu mu chipulula. Ntchito imeneyo imatsalabe kwa quarterback. Phindu la mzerewu limaoneka timu italowa kale.

Eagles inabwereranso mu Super Bowl pa 9 February 2025 ku New Orleans, mdani ali yemweyo. Vic Fangio, wokonza otchinga, sanatumize blitz ngakhale imodzi. Jalen Carter ankakopa adani awiri pakati, Josh Sweat ndi Milton Williams n'kumadutsa. Mahomes anagwetsedwa kasanu ndi kamodzi, anaponyera adani mpira kawiri, ndipo pofika pa nthawi yopuma zinali 24-0. Masewera anatha 40-22. Wokonza otchinga wa Chiefs tsikulo anali Spagnuolo.