Nkhuku yakuda mpaka m'mafupa: muziyamba mwaitsegula kukamwa

Munthu akandiuza kuti wagula nkhuku ya mtundu wa Ayam Cemani, sindiyamba n'kuyang'ana nthenga. Ndimaigwira, n'kuitsegula kukamwa kuti ndione ngati m'katimo ndi mwakudanso. Nkhuku za nthenga zakuda zili mbwee, ngakhale kuno kwathu. Za Mikolongwe zija, zomwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp, n'zakuda bii, koma lipombo lake ndi lofiira, ndipo mukazisosola khungu limakhala loyera. Cemani ndi yosiyana: lipombo, mlomo, miyendo, khungu, nyama ngakhale mafupa, zonse zakuda.

Kwawo kwa nkhukuyi ndi ku chilumba cha Java ku Indonesia, makamaka dera la Kedu. "Ayam" ndi nkhuku, ndipo "cemani" m'Chijava ndi kuda kotheratu. Ku Ulaya inafika mu 1998, atapita nayo mlimi wa ku Netherlands, Jan Steverink. Ili ndi abale ake akuda mkati: Kadaknath ya ku Madhya Pradesh ku India, Svarthöna ya ku Sweden, ndi Silkie ya ku China.

Kudaku kumachokera ku chibadwa chomwe akatswiri amachitcha fibromelanosis. Jini ina (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) yotchedwa EDN3 inabwerezeka mwa nkhukuzi, choncho maselo opanga utoto wakuda amachuluka n'kufalikira thupi lonse mwanapiye akadali m'dzira. Komatu magazi ake ndi ofiira, ndipo mazira ake ndi oyererako ngati a nkhuku zathu zachikuda. Wokugulitsani "mazira akuda a Cemani" wawapaka utoto, kapena ndi a mbalame ina.

Pobereketsa m'pamene ambiri amagwa mphwayi. Chibadwa chimenechi n'champhamvu moti mwanapiye akachitenga kwa kholo limodzi lokha amaonekabe wakuda. Ndiye tambala wa Cemani akakwera thadzi wamba, ana ena amatuluka akuda ndithu, wogula osadziwa n'kulipira ndalama zambiri. Chinyengo chimaululika m'badwo wotsatira: mukakweretsa ana oterowo okhaokha, pafupifupi mmodzi mwa anapiye anayi sakhala nacho chibadwacho n'komwe. N'chifukwa chake ndimayang'ana m'kamwa, pansi pa mapiko, zikhadabo ndi kumalo kotulukira dzira. Lipombo lofiirira kapena chikhadabo choyera ndi chizindikiro choti nkhukuyo musaisiye pa mbewu. Idyeni, ndiwo ndithu.

Kusankha kotereku kumapweteka chifukwa anapiye sabwera ambiri. Thadzi la Cemani limaikira mazira osapitirira 100 pa chaka, limapumira pakati, ndipo silikonda kukhalira. Ngati mulibe makina oswetsera, mazirawo muikireni thadzi lachikuda lodziwa kufungatira. Pakatha masiku 21 lidzaswa ndi kulera anapiyewo ngati ake. Vuto lina n'lakuti oweta ambiri amayamba ndi tambala mmodzi ndi misoti iwiri ya pa khola limodzi. Pachibale pakachuluka, mazira ambiri saswa ndipo anapiye amafooka. Lembani m'kabuku kuti uyu ndi mwana wa yani, ndipo pakapita nthawi musinthane tambala ndi woweta mnzanu.

Za matenda, mtengo wa nkhuku suopseza chitopa. Katemera wa I-2, wodonthezera m'diso uja, muzipereka miyezi inayi iliyonse, ndipo nkhuku yachilendo izikhala payokha milungu iwiri musanaiphatikize ndi zinzake.