Penshoni za akuluakulu ndi msonkho wathu: chiphamaso chili pati kwenikweni?

Ntchito yanga ndi ya akaunti pano pa Kasungu boma, ndimathandiza ma shopu, makalabu a alimi a fodya ndi masukulu a pulayiveti kulemba mabuku ndi kukonza za msonkho. Nde bajeti ikangowerengedwa ku Lilongwe ndimadziwiratu mawu amene ndimve sabata imeneyo: "awa ndi achiphamaso, akutiuza timange malamba koma iwo akudzikonzera ukalamba wa mtambasale." Wina amayankha kuti achipani chanu nawonso ankatero, mkangano nkutembenuka kukhala wa MCP ndi DPP, msonkho uja osakambidwanso. Zimandipweteka, chifukwa mkwiyowo ndi woona koma ukuthera pamalo olakwika.

Tiyambe ndi penshoni yanu inu wapantchito. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza kuti bwana aziika 10 peresenti ya salale yanu, inu 5 peresenti, ndipo lamulo latsopano la 2023 silinasinthe zimenezo. Ngati mumalandira K300,000, ndiye kuti K15,000 yanu ndi K30,000 ya bwana, K45,000 pa mwezi, ikupita ku kampani yosunga penshoni. Chomwe mudzapeze pokalamba ndi chomwe chinasonkhedwacho kuphatikiza phindu lake, basi. Bwana akapanda kutumiza ndalamazo, zomwe ndaziona kangapo m'mabuku a anthu, akudula pa payslip koma osapereka, oluza ndinu.

Mtsogoleri wa dziko akapuma zake ndi zina. Pali lamulo la malipiro ndi zokoma za apulezidenti lomwe limamupatsa penshoni ya mwezi ndi mwezi, nyumba, magalimoto, achitetezo ndi antchito, zonse kuchokera ku thumba la boma, kutanthauza msonkho wanu ndi wanga. Aphungu nawo teremu ikatha amalandira gratuity, ndalama yopatsidwa kamodzi pomaliza ntchito, komanso ali ndi mwayi olowetsa galimoto popanda dyute. Ndipo aphunguwo achuluka, kuchoka pa 193 kufika 229 pa chisankho cha 2025.

Apa pali chinthu chomwe ambiri sachiona, ine ngati wa manambala ndi chimene chimandivuta kwambiri. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama zomwe mlonda kapena kalaliki anasonkha kwa zaka zambiri zinakhala zomwezo papepala koma mphamvu yake yogulira matumba a feteleza kapena malata inatsika usiku umodzi. Koma kwa mtsogoleri opuma uja nyumba ndi nyumba, galimoto ndi galimoto, mlonda wa pageti amabwerabe m'mawa kaya kwacha yagwa kaya ayi. Munthu amene zokoma zake zili m'zinthu osati m'makwacha, kugwa kwa ndalama sikumufika pakhungu ngati mmene kumamufikira mphunzitsi opuma wa ku Santhe yemwe akukwerabe minibasi kupita ku Capital Hill kukalondola faelo yake.

Za dyute nazo anthu amaziona ngati kamphatso chabe. Ayi. Msonkho omwe boma lasiya kutolera ndi chimodzimodzi ndalama yomwe laononga, kungoti siioneka bwino mu bajeti. Phungu akavomereza msonkho wa magalimoto olowa m'dziko pomwe yake ikulowa ulele, dzenje limenelo limakwiriridwa ndi ena, wapantchito amene PAYE, msonkho wa pa malipiro, imadulidwa salale isanafike m'manja, mlimi amene amadulidwa withholding tax akagulitsa mabelo a fodya ku msika wa Chinkhoma, ndi mayi ogula katundu mu shopu yemwe VAT, imene kwa zaka zambiri inali 16.5 peresenti, imamupeza osaimva nkomwe. Apa ndiye mawu oti chiphamaso akukwana ndithu, munthu kukhazikitsa lamulo lomwe iye silimuluma.

Koma tisamale. Chiphamaso cha wonena sichitsimikiza kuti zomwe wanenazo ndi bodza. Venda obera pa sikelo akakuuzani kuti soya watsika mtengo, mwina akunenadi zoona, mtengowo mumakaufufuza paokha, sikeloyonso paokha. Nduna ya zachuma ikati ndalama zomwe bungwe la misonkho la MRA likutolera sizikukwana mankhwala, malipiro ndi ngongole, zimenezo timaziyesa ndi manambala osati ndi galimoto yomwe yakwera. Ndipo pena andale omwewa amapanga zothandiza, mwachitsanzo mu 2020 gawo la salale losadulidwa PAYE linakwezedwa kufika K100,000 pa mwezi, anthu olandira zochepa anapumako.

Enanso amati wamkachisi amadya za mkachisi, musiyeni mtsogoleri apume bwino. Ine sinditsutsa kuti Bakili Muluzi, Joyce Banda kapena Lazarus Chakwera akhale ndi penshoni ndi chitetezo, dziko lomwe mtsogoleri wake akuopa umphawi akachoka pampando ndi dziko lomwe mtsogoleriyo amakakamira mpandowo kapena kuba asanachoke. Vuto langa ndi loti amene akudya ndi omwewo akuyeza mbale. Nkhani ya zokoma za aphungu ikabwera m'nyumba ya malamulo sumva phokoso la mbali ya boma ndi yotsutsa lija, nchifukwa chake kuloza chipani chimodzi sikutifikitsa patali.

Chomwe ndingakonde ndi chosavuta. Malipiro ndi zokoma za andale zizikonzedwa ndi bungwe loima palokha, akakweza ziziyamba kugwira ntchito pa palamenti yotsatira osati yomwe yavomerezayo, ndipo mtengo wa galimoto za dyute fili uzilembedwa poyera chaka ndi chaka kuti tidziwe tataya zingati. Phungu wanu akabwera pa msonkhano kumudzi, m'malo momukuwiza mufunseni modekha: bwana, mungavomere kuti mukhale pa penshoni ya 5 ndi 10 peresenti ngati ife? Yankho lake mulisunge mpaka 2030.

Inuyo sabata ino pitani kwa akaunti wa kuntchito kwanu mufunse dzina la kampani yomwe ikusunga penshoni yanu, kenako mukapemphe sitetimenti. Muone ngati miyezi yonse yomwe anakudulani ikuonekamo, ngati ina ikusowa, madandaulo a penshoni amapita ku Reserve Bank.