Ku Kariba, magetsi amadalira mamita 13 okha a madzi

Damu la Kariba linamangidwa pa mtsinje wa Zambezi, m'malire a Zambia ndi Zimbabwe, kuyambira mu 1955 mpaka 1959, ndipo khoma lake ndi lalitali mamita 128. Nyanja yake ndi yaikulu zedi, koma madzi opangira magetsi ndi apamwamba okha, a pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 poyeza kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Akatsika kupitirira mamita 475.5, makina amaima ngakhale asodzi akuyendabe m'maboti.

Mamita 13 amenewa ndi amene bungwe la Zambezi River Authority, la maboma a Zambia ndi Zimbabwe, limagawa chaka ndi chaka: theka kwa ZESCO, kampani ya magetsi ya ku Zambia, theka kwa Zimbabwe Power Company. Pogawa limayang'ana mvula ya kumtunda, ku Angola ndi kumadzulo kwa Zambia, yomwe madzi ake amachedwa m'madambo a Barotse n'kudzafika mvula itatha kale. Wothamangitsa makina kupyola gawo lake amakhala akudyeratu madzi a chaka chamawa. Mu Novembala 2022 mbali ya Zimbabwe inauzidwa kuti iimitse makina chifukwa gawo lake linali litatha.

Madzi akachuluka, vuto limakhala lina, ndipo ndi loopsa koposa. Khomali lili ndi zitseko 6 zotayira madzi. Mathithi otuluka m'zitsekozo anakhala akukumba thanthwe la m'munsi mwa khoma mpaka dzenje linazama mamita pafupifupi 80, likusendera kumaziko. Akatswiri sanalikwirire. Anatseka mtsinje ndi khoma losakhalitsa, anapopa madzi, n'kuswa miyala kuti dzenjelo litambasukire kumunsi, madzi akagwa azithawa maziko m'malo mozungulirazungulira pomwepo. Nayonso konkire ya m'mbali mwa zitseko yakhala ikutupa pang'onopang'ono chifukwa simenti ndi miyala yake sizinagwirizane, ndipo chitseko chokanika kutseguka pa nthawi ya chigumula n'choopsa kuposa chilala.

Madzi otayidwa ku Kariba amakalowa ku Cahora Bassa ku Mozambique, choncho oyendetsa madamu awiriwa ayenera kudziwitsana asanatsegule zitseko. Zambezi akadzaza kumunsi, mtsinje wa Shire umasowa kothira madzi ake, ndipo amabwerera n'kusefukira m'minda ya ku Nsanje.