Mwana Akalephera Kuchita Chimbudzi, Si Kudzimbidwa Kokha

Ndatopa kumva makolo akunena kuti "mwanayu anangobadwa wodzimbidwa, adzasiya akakula." Ena sasiya.

Matumbo ali ndi mitsempha yakeyake yotumiza mauthenga, kuyambira kummero mpaka kumapeto. Mwa zina, mitsemphayi imalankhulana kudzera m'timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma neuropeptide. Kena, substance P, kamauza khoma la thumbo kuti lifinye. Ulf von Euler ndi John Gaddum anakapeza mu 1931 m'matumbo ndi mu ubongo wa hatchi. Kena, VIP, kamathandiza khomalo kumasuka kuti chakudya chidutse. Sami Said ndi Viktor Mutt anakatulutsa m'matumbo a nkhumba mu 1970. Timapuloteni timeneti tili mwa ifenso. Kumbuyo kumafinya, kutsogolo kumamasuka, chimbudzi n'kumayenda.

Nanga mwana akabadwa mbali yakumapeto ya thumbo ilibe maselo a mitsemphayi? Mbali imeneyo imangokhala yofinyika, ndipo chimbudzi chimaunjikana kumtunda kwake. Awa ndi matenda a Hirschsprung, dzina la dokotala wa ku Denmark amene anawafotokoza m'zaka za m'ma 1880. Amagwira mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 5,000, makamaka anyamata. Ana a mahatchi ena a ku America obadwa oyera thupi lonse amakhala ndi vuto lomweli, ndipo amafa m'masiku ochepa. Hatchi sachitidwa opaleshoni yochiza vutoli, koma mwana wanu angachitidwe.

Mnyamata wina wazaka zitatu sachoka m'maganizo mwanga. Anafika kuchipatala kwathu mimba ili pimbiri, miyendo yowonda, pamchombo ponse pali mphini. Agogo ake anati ndi kapamba, wina anati analodzedwa, ndipo kwa zaka zonsezo ankamupopera madzi a sopo kumatako. Madziwo ankatulutsadi pang'ono, n'chifukwa chake banjalo linkakhulupirira kuti akuchira. Nditafunsa mayi ake za tsiku lobadwa, anayankha mosazengereza kuti chimbudzi chakuda choyamba chija chinachedwa masiku anayi. Palibe anali atawafunsapo zimenezi. Tinayamba ndi kumuboola pamimba kuti chimbudzi chizitulukira m'thumba, chifukwa thumbo linali litakula kwambiri moti sitikanalilumikiza nthawi yomweyo.

Palibe muzu, tiyi kapena mankhwala otsegula m'mimba a pamsika amene angameretse mitsempha imene sinamere. Chochiza ndi kudula mbali yopanda mitsemphayo n'kulumikiza yabwino. Wokugulitsani botolo lotsuka m'mimba mwa khanda akukudyerani ndalama, akudyanso nthawi ya mwanayo.

Khanda likatha maola 48 lisanachite chimbudzi, mimba ikutupa, kapena likusanza zobiriwira, pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo ndipo nenani tsiku limene chimbudzi choyamba chinatuluka. Mwana wotupa mimba akayamba mwadzidzidzi kutsegula m'mimba konunkha kwambiri, thupi likutentha, musasangalale kuti zatseguka. Amenewo angakhale matenda oopsa a m'thumbo amene amapha msanga, ndipo musadikire kuti kuche.