"Ndinazipeza pa intaneti, n'zaulere": ndatopa nawo mawu amenewa

Nyengo yopereka ma project ikafika, mawu amenewa ndimawamva mpaka makutu kuwawa. Ndimagwira ntchito m'laibulale ya koleji ina kuno ku Lilongwe, ndipo ophunzira inu mumasakaniza milandu iwiri yosiyana.

Wina ndi wa copyright, woti kodi mwini wake wakulolani kukopa, kugawa kapena kugulitsa ntchito yake. Umenewu ndi wa lamulo: tili ndi Copyright Act ya 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira. Mukafotokopa buku lonse n'kumagulitsa anzanu ku hostel mwaphwanya lamulo, ngakhale dzina la wolemba likuoneka pachikuto. Wina ndi plagiarism, kutenga mawu kapena maganizo a munthu n'kuwaika pansi pa dzina lanu. Wolembayo akhale kuti anamwalira zaka 200 zapitazo, copyright yake inatha kalekale, mukapanda kumutchula mwababe.

Nanga zilolezo za Creative Commons zija mumandionetsa pa foni monyadira? Inde, eni ake analola kuti mukope osapempha, osalipira. Koma werengani zilembo zija. CC BY ikufuna mutchule mwini wake. Pakakhala NC musachite nazo malonda, pakakhala ND musagawe zimene mwasintha, pakakhala SA mukasintha mugawe pa chilolezo chomwecho, monga zilili ndi Wikipedia. Palibe ngakhale chimodzi chimene chimati "tengani, munene kuti munalemba ndinu".

Koma amene amandisowetsa tulo ndi akamberembere a pa WhatsApp, oti "timalemba ma project, timatsitsa Turnitin". Turnitin ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imaonetsa peresenti ya mawu anu ofanana ndi zimene ena analemba kale. Mtsikana wina wa chaka chomaliza anayenda yekha m'misika, ku Nsungwi, kwa Mchesi mpaka ku Mitundu, kufunsa amayi ogulitsa tomato mmene amapezera ngongole. Mafomu ake ndinawaona ndi maso anga, ena ali ndi madontho a mvula, manambala olembedwa bwinobwino ndi pensulo. Ntchito yeniyeni. Chinamuopsa ndi chaputala chachiwiri, chofotokoza zimene ena analemba kale pa nkhaniyo. Nthawi itamuthera anatumiza ndalama pa foni kwa mkulu wina amene sanamuonepo nkhope. Mkuluyo anatola ndime za eni pa intaneti n'kuziponya mu pulogalamu yosinthanitsa mawu, ziganizo zinatuluka zopindika moti Chingerezi chake sichimamveka mutu wake. Peresenti ya Turnitin inatsikadi. Tsiku loteteza project, mphunzitsi wina anangoloza dzina limodzi patsamba n'kufunsa kuti, "Ameneyu anapeza chiyani?" Mwana uja anangoti kukamwa yasa. Kenako zinadziwika kuti chaputala chomwecho chinagulitsidwanso kwa mnyamata wina. Mtsikana uja anabwereza chaka, makolo n'kusakanso fizi, pamene kafukufuku wake analibe vuto lililonse. Akanabwera kwa ine mwezi umodzi m'mbuyo, tikanakhala pansi n'kuwerenga limodzi mapepala angapo a pa AJOL, tsamba la pa intaneti la magazini a kafukufuku a mu Africa, ambiri mwa iwo aulere, n'kulemba yekha m'mawu ake.

Turnitin imangoonetsa pamene mawu anu afanana ndi a wina, siiweruza mlandu. Peresenti ikhoza kukwera chifukwa cha mawu amene mwagwira moyenera, ikhozanso kutsika pamene ganizo lonse ndi lobedwa. Kusintha mawu awiri atatu m'chiganizo cha mwini sikukuchipanga kukhala chanu. Ndipo mkulu wa pa WhatsApp uja ali ndi dzina lanu, nambala yanu ndi uthenga uliwonse umene munamutumizira.

Mukamawerenga, lembani pompo dzina la wolemba, chaka ndi tsamba. Mukati mudzazisaka pomaliza simudzazipeza. Ku laibulale bwerani pamene mukulemba proposal. Kwatsala masiku awiri kuti mupereke, ine palibe chimene ndingakuchitireni.