Filimu imathera m'maso mwa woonera

Sabata yatha ndinali ku msika wa Kapata ku Chipata ndi mwana wa mlongo wanga. Kuseri kwathu, m'kanyumba ka vidiyo, anyamata anali kukuwa ngati mpira walowa m'golo. Iye anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, mumati mumaphunzitsa za mafilimu. Kodi filimu n'njophunziranso? Si kungokhala pansi n'kuonera basi?"

Funso limeneli ndimakumana nalo kawirikawiri, ndipo ndimalilemekeza.

Chinthu choyamba chimene timaphunzitsa n'chakuti chilichonse chooneka m'filimu wina anachita kuchisankha. Kamera anaiimika pati? Anadula pati, nanga analumikiza ndi chiyani? Zaka pafupifupi 100 zapitazo, Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya munthu, yosaseka, yosalira. Atachilumikiza ndi mbale ya chakudya, oonera anati munthuyu ali ndi njala. Atachilumikiza ndi bokosi la maliro, anati ali ndi chisoni. Nkhope inali yomweyo. Njala ndi chisonicho zinabadwira m'mutu mwa woonera.

Yesani nokha ku Mkaika pa Kulamba. Wina ajambule gule ataima patali, kumene kumakhala alendo. Wina ajambule ali pakati pa amayi oimba, fumbi likumugwera, ng'oma ikumugunda pachifuwa. Mwambo ndi umodzi, koma mafilimu atuluka awiri. Woyamba akuti "taonani anthu awa". Wachiwiri akuti "tili pano".

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbiri yowawa. Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment linkapanga mafilimu ophunzitsa anthu akuda n'kumawaonetsa m'maiko monga Tanganyika, Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Mu 1948, Chipata akadali kutchedwa Fort Jameson, m'chigawo chino cha Africa munayamba gulu linanso lopanga mafilimu otere, la Central African Film Unit. Ambiri mwa azungu a ntchito zoterezi ankakhulupirira kuti munthu wakuda sangatsate filimu yothamanga. William Sellers wa ku Colonial Film Unit ankalangiza kuti zithunzi ziziyenda pang'onopang'ono, kamera isamasunthesunthe, kuopa kusokoneza woonera. Ankationa ngati ana.

Koma Hortense Powdermaker, mayi wa ku America amene anachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba zimene anthu a ku migodi ankalankhula akamaonera. Sankakhala duu ayi. Ankachemerera, kunyoza, kutsutsana. Katswiri aliyense wa mafilimu a makauboyi ankamutcha Jack, ndipo zochita za azungu a m'filimu ankaziweruza ndi miyambo yawo. Mu 2001 katswiri wa mbiri yakale Charles Ambler anabwereranso ku nkhaniyi, n'kusonyeza kuti oonera aja ankatenga zimene aona n'kuziumba mwawo. Lero mbali yaikulu ya maphunziro a mafilimu ndi imeneyi: kufufuza zimene woonera amachita ndi filimu, osati zimene wopanga anafuna zokha.

Apa ndipo kanyumba ka ku Kapata kamandikokera. Mafilimu a ku China, India ndi America amene amaonetsedwa mmenemo ambiri ndi omasuliridwa m'Chichewa. Womasulira samangotembenuza mawu. Amapatsa anthu maina atsopano, amaponya nthabwala, amakuuziranitu kuti uyu ndiye mfiti, musamukhulupirire. Msilikali wa ku Hong Kong amayamba kulankhula ngati kondakitala wa minibasi ya ku Katete. Anzanga ena ophunzira amati uku n'kuwononga filimu. Ine sindigwirizana nawo. Womasulirayo ndi mlembi wachiwiri, ndipo luso lake likuchokera kwa agogo ofotokoza nthano madzulo, ife tikuyankha kuti "tili tonse". Ntchito yake ikufunika kulembedwa ndi kusungidwa isanatayike ndi mafoni akale.

Komatu mlembi ali ndi mlandu wa zimene walemba. Tsiku lina ndinakhala pa benchi la kumbuyo. M'filimu mwamuna ankamenya mkazi wake. Wopanga filimu anaika kamera pafupi ndi nkhope ya mkaziyo, nyimbo anaizimitsa, kuti timve ululu wake. Womasulira anati, "Wazifuna yekha ameneyu!" Holo yonse inaphulika ndi chiseko. Pafupi nane panali kamtsikana ka zaka ngati 12 kali ndi mbale ya mtedza wogulitsa. Sikanaseke. Kanangoyang'ana pansi. Laura Mulvey, katswiri wa maphunziro a mafilimu, analemba mu 1975 kuti mafilimu ambiri amaonetsa mkazi kudzera m'maso a mwamuna. Tsiku limenelo filimu inayesa kuchita zosiyana, koma mawu amodzi a womasulira anaibwezera komweko.

Ndinamufotokozera zonsezi mwana wa mlongo wanga, kenako ndinamupatsa ntchito imene ndimapatsa ophunzira anga tsiku loyamba. Asankhe kachigawo ka mphindi 2 m'filimu imene amaikonda, akaonere mawu atazimitsa, awerenge kuti chithunzi chadulidwa kangati, ndipo nthawi iliyonse adzifunse kuti akuonera ndi maso a ndani.

Madzulo anandiimbira foni. "Amalume, ndawerenga 41. Ndipo mkazi wa m'filimuyo sanatilole kuona chimene iye akuona ngakhale kamodzi."