Kuwala sikutenga liwiro la galimoto

Zandikwana zomva kuti kuwala kwa nyali za galimoto yothamanga kumayenda mwachangu kuposa kwa galimoto yoima. Zaka zikupita, bodzali likadalipo.

Mwala woponyedwa kuchokera pa lole yoyenda umatengadi liwiro la loleyo. Kuwala ayi. M'malo opanda mpweya kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kaya chowalacho chikubwera, chikuthawa kapena chaima. Chimene chimasintha ndi mtundu wake: chikamayandikira kumapendekera ku buluu, chikamatalikira kumafiirira.

Umboni uli kumwamba. Pali nyenyezi zozungulirana ziwiriziwiri. Bodzali likanakhala loona, kuwala kwa yobwera kukanatipeza msanga kuposa kwa yothawa, ndipo kuzungulirana kwawo kukanaoneka kosokonekera. Akatswiri anapima, sizitero.

Tsegulani buku la fizikisi pa mutu wa relativity (chiphunzitso chofotokoza za liwiro la kuwala, nthawi ndi kuyenda kwa zinthu), mudzionere nokha musanagawire anzanu nkhani zoterezi.